Dzira lochokera m'dzanja lopsa

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga, kaya mwapumira pamthunzi kumunda, kaya muli pabenchi ya chipatala kudikira dzina lanu. Ine kuno kwa Wimbe amanditchula kuti make Tadala. Ndikufuna ndichitire umboni za mwana wanga ameneyu, yemwe anatsala pang'ono kufa ndi njala pakhomo pamene nkhuku zimaikira tsiku ndi tsiku. Nkhaniyi ndikaikumbukira nseru imandigwirabe, koma ndiinena yonse chifukwa Mulungu anandichitira zazikulu.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine dzira limandinyansa. Si zoti sindilikonda chabe ayi, limandinyansa. Ndili kamtsikana kwathu kwa Mwase ndinapisa dzanja m'chisa cha nkhuku, dzira losukusa n'kundiphulikira m'manja mpaka kumaso. Ndinasamba ndi sopo, ndinadzikhula ndi phulusa, koma fungolo linamanga nyumba m'mphuno mwanga. Mu minibasi munthu akagula dzira lowiritsa pawindo n'kuyamba kusenda, ine ndimatulutsa mutu kunja ngati mbuzi yopita kumsika. Anzanga amaseka, koma ine sizindiseketsa.

Choncho nditatengedwa chitengwa kubwera kwawo kwa amuna anga, lamulo la apongozi anga aakazi, aNabanda, silinandivute n'komwe. Pakhomo pawo mazira anali a abambo ndi alendo basi. Mwana sankaloledwa ngakhale kunyambita, chifukwa amati mwana wodya mazira amagwa khunyu. Ine ndinangoti zikomo, zachepetsa ntchito.

ANabanda sankanena zimenezi mongoyankhula. Matendawo anali nawo pakhomo. Mng'ono wawo wa amuna anga, alamu anga a Lameki, amagwa khunyu kuyambira ali mwana. Nthawi ina anagwera pamoto, dzanja lamanja linapsa moti zala zitatu zinamatirirana, khungu lake n'kukhala lonyezimira ngati pulasitiki yosungunuka. Anali ndi mbale yawoyawo ndi kapu yawoyawo zimene zinkakhala padenga la khola, poti anthu amati matendawo amapatsirana m'malovu. Kumunda sankapita nafe, ntchito yawo inali yoyang'anira nkhuku. Sindibisa, dzanja lija linkandinyansa chimodzimodzi dzira. Akafuna kunyamula Tadala ndinkapeza chifukwa, mwina ndinene kuti akufuna kuyamwa, mwina ndinene kuti wadziipitsira.

Tadala atangoyamba kuyenda ndinapezeka kuti ndili ndi pakati pena. Azimayi akuluakulu anandiuza kuti ndimuletse kuyamwa tsiku lomwelo, ati mkaka waonongeka. Ndinamvera. Zinachitika nthawi yoipa, mvula ili pakati, chimanga chisanache, fodya atakhwima kuti tiyambe kuthyola. Amene munalimapo fodya mukudziwa kuti miyezi imeneyo munthu sukhala wako. M'mawa uli kumunda kuthyola, masana uli m'chigafa kusoka masamba ndi kupachika, manja akuda bii ndi utomoni. Mwana ndinkamusiyira phala la ufa woyera lothira mchere, masana phala lomwelo, madzulo kambamu kothira msuzi wa nkhwani. Ankadya ndithu, mimba n'kukhuta, ndiye ndinkati zonse zili bwino.

Kenako anayamba kudzaza masaya. Miyendo nayo inadzaza. Azimayi anzanga m'chigafa ankamutsina tsaya n'kumati, "Koma mwanayu kuleka bere kwamuyanja!" Ine n'kumaseka monyada. Uchitsiru wake mpaka pano umandiwawa, tinkaombera m'manja matenda.

Posakhalitsa kunenepa kuja kunaonetsa nkhope yake yeniyeni. Tsitsi linafiira n'kupyapyala ngati ndevu za chimanga, ukalipesa linkatsalira m'chipeso. Kuseka kunatha, kuyenda kunatha, ankangokhala pamene wamuika n'kumalira kamawu kosatha ngati kamwana ka mphaka. Khungu la m'ntchafu linayamba kusupuka, pansi pake pofiira ponyowa, ntchentche osachoka. Ukadina phazi ndi chala, dzenje linkatsala pomwepo. Thewera lake linkanunkha fungo lachilendo moti ine mayi wake ndinkatembenuza nkhope pomusintha, kenako n'kumadzida ndekha chifukwa chotembenuza nkhopeyo.

Apongozi anangoyang'ana kamodzi n'kugamula kuti ndi tsempho. Ati wina mwa ife makolo ake anayenda njira zosayenera, n'chifukwa chake mwana watupa. Kunali bwalo pakhomo. Amuna anga analumbira, ine ndinalumbira, aliyense akuyang'ana mnzake ndi diso lakumbali. Anakaitana bambo wina wodziwa zitsamba wa kumudzi woyandikana nafe. Anabwera ndi chikwama chake chakuda ndi litsiro, anamutema mwana mphini pamapazi otupawo, madzi n'kumatuluka m'malo mwa magazi. Anammwetsa madzi a mizu owawa, akumutsina mphuno kuti ameze.

Chimene chinandinyansa koposa chinadza atamaliza. Poti anali mlendo, apongozi anamuwiritsira mazira. Anakhala pampando n'kumasenda limodzilimodzi ndi zikhadabo zomwe zija anagwirira zilonda za mwana wanga, akudya chotafuna kukamwa kuli yasa, tinyenyeswa tachikasu titakakamira m'ndevu. Tadala anali pamphasa pafupi ndi mapazi ake, akumuyang'ana kukamwa. Bamboyo anageya, anapukuta manja pathalauza, ananyamula nkhuku yathu yaikazi ngati malipiro ake n'kumapita. Ine ndinathawira kuseri kwa nyumba kukasanza.

Mankhwala aja sanathandize kanthu. Kutupa kunakwera mpaka zikope, maso n'kutsala timing'alu. Akuluakulu anati tidikire mizu igwire ntchito, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa wina anthu atapita kukathyola fodya ndinabereka mwana wanga, ndinayenda mpaka pamsewu, ndinakwera kabaza kenako galimoto, mpaka kuchipatala cha paboma. Sindinatsanzike munthu.

Anesi atangomuona anatigoneka nthawi yomweyo. Anandiuza kuti si tsempho, ndi kusowa kwa zakudya zomanga thupi. Ine ndinakana, ndinati mwana wanga sanagonepo ndi njala. Anesiwo, mayi wachikulire woyankhula Chichewa chopendekera ku Chitumbuka, sanandikalipire. Anati phala loyera limadzaza mimba koma silimanga mnofu kapena magazi. Anayamba kumupatsa mkaka wapadera pang'onopang'ono, kutupa n'kumaphwa. Kutupa kutaphwa m'pamene ndinamuona mwana wanga weniweni, mafupa okhaokha, matako atakwinyika ngati a nkhalamba. Kenako anayamba kumupatsa chiponde, ndipo tsiku lina anamwetulira.

Pabedi loyandikana nafe panali mayi wina wochokera ku esiteti ya fodya. Kwa iye kanali kachiwiri kugonekedwa ndi mwana yemweyo. Mwanayo anachira koyamba, anabwerera kunyumba, anabwereranso ku phala lomwe lija. Ulendo wachiwiriwu mwanayo sanatuluke wamoyo. Ndinamuona mayiyo akupinda kansalu kamene ankaberekera, akupinda n'kufunyulula, akupindanso. Chithunzi chimenecho chinandilowa m'mafupa.

Potitulutsa, anesi aja anandifunsa ngati kwathu kuli nkhuku. Ndinati zilipo zambiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kugwetsa nkhope. Anati chiponde chimene akundipatsa chidzatha, ndipo chikadzatha mwana adzafunika nsinjiro, usipa, nyemba, masamba ndi zipatso. Koma poti nkhuku zilipo, ndiyambe ndi dzira. Ndiliwiritse lipse bwino mpaka m'kati muume, ndilinyenye m'phala kapena ndimupatse lokha, limodzi patsiku. Ndinafunsa za khunyu. Anati dzira silibweretsa khunyu, ndiponso khunyu sapatsirana. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinali ndi mafunso.

Kunyumba ndinapeza nkhope zolimba. Nditatchula za mazira, apongozi anaimirira n'kumanga nsalu m'chiuno. Anati pakhomo pano pali kale mmodzi wogwa, safuna wachiwiri, ndipo amene adzapatse mdzukulu wawo dzira adzasenze katundu wake. Ndinayang'ana amuna anga kuti andithandize. Iwo anangokanda m'mutu n'kuti, "Tiyeni tiwamvere amayi, fodya akagulidwa tidzagula usipa." Fodyayo anali adakali wauwisi m'chigafa, nthawi yokagulitsa ku okushoni inali kutali. Mtedza unali usanakhwime, nyemba zinatha kalekale. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anali atagonera mpaka kusasa.

Chiponde chinatha. Tinabwerera ku phala loyera lija, ndipo sipanatenge nthawi kuti ndione mapazi a Tadala ayambanso kunyezimira. Ndinadina ndi chala, kadzenje kanatsala. Ndinkaopa apongozi, ndinkaopa kutha kwa banja ndili ndi pakati, koma choposa zonse ndinkaopa kuti mwina akunena zoona. Bwanji nditamupatsa dzira n'kuyamba kugwa? Ndikanadzayang'ana bwanji dzanja la mwana wanga litapsa ngati lija?

Tsiku limenelo masana, anthu onse ali kumunda wakutali, ndinakhala kuseri kwa chigafa mwana ali pamiyendo. Ndinapemphera pemphero lopanda ulemu. Ndinati, Ambuye, ine ndatopa ndi kuuzidwa, uyu akuti ichi, uyu akuti icho. Ngati mwanayu mukumufuna mutengeni, koma ngati mwandisiyira, nditumizireni munthu wondiuza zoona amene sindingamutsutse. Ndinkayembekeza kuti mwina kubwera abusa, kapena amayi a Mvano, kapena mlangizi wa zaumoyo panjinga yake.

Amene anabwera anali alamu anga a Lameki. Anatulukira kukhola atanyamula kachitini kakuda ndi mwaye, akuyenda chopendekeka monga amayendera. Anakhala pansi chapatali, poti ankadziwa kuti sindifuna kuti andiyandikire. M'kachitinimo munali dzira lowiritsa, nthunzi ikutuluka.

"Alamu, ndinamva zimene ananena kuchipatala," anatero. "Mpatseni mwanayu."

Ndinati ndikuopa matenda aja. Sindinawatchule dzina, koma anamva. Anaseka pang'ono, malovu akuoneka m'mbali mwa pakamwa.

"Alamu, ine chibadwire dzira sindinalilawepo. Amayi sanandipatsepo ngakhale kachidutswa. Ndimatola mazira tsiku lililonse, kukoma kwake sindikudziwa. Nanga kugwa ndinasiya?"

Munthu amene ndinamupempha kwa Mulungu, amene sindikanatha kumutsutsa, anali atakhala patsogolo panga, ndipo anali yemwe uja ndinkamubisira mwana.

Anagogoda dzira pamwala n'kuyamba kusenda. Analigwira ndi dzanja lopsa lija, atalipanikiza pakati pa chala chachikulu ndi zala zomatirirana, lamanzere likuchotsa makoko. Fungo linandipeza. Analigawa pakati, kunja koyera koterera, m'kati mwachikasu mouma, n'kunditambasulira dzanjalo. Ndinalandira ndi nsonga za zala.

Ndinanyema kachidutswa n'kuika pamlomo pa Tadala. Anakana. Analuma mano, anatembenuza mutu, anayamba kulira. Chiyambire tsiku lija anamutsina mphuno n'kummwetsa mizu yowawa, mwanayu sankalandira chinthu chachilendo pokhapokha aone ine ndayamba kudya. Ngakhale chiponde kuchipatala ndinkayamba ndanyambita ine. Ndinayesa kunamizira, ndinafikitsa pamlomo n'kumatafuna mphepo. Anandiyang'ana ndi timaso take totupa, sanapusitsike.

"Idyani, alamu," anatero a Lameki. "Akuonerani inu."

Anthu a Mulungu, ndinaberekapo, ndinazulidwapo dzino, koma sindinalimbanepo ndi thupi langa ngati tsiku limenelo. Dzira, chinthu chondinyansa kuposa zonse, losendedwa ndi dzanja limene sindinkafuna ngakhale kuliyang'ana. Ndinati mumtima, Yesu, ndigwireni pakhosi. Ndinaponya m'kamwa. Koyera kuja kunaterera palilime ngati nkhono, kwachikasu kunamata kunkhama ngati dothi. Kukhosi kunakana, kunabweza, ndinatseka pakamwa ndi dzanja misozi ikutsika. Ndinameza. Kenako ndinachita chinthu chovuta kuposa kumezako, ndinamwetulira n'kunena kuti, "Mmm, tamva kukoma!"

Tadala anatsegula pakamwa. Anadya kachidutswa kaja, anatafuna mosinkhasinkha, n'kutambasula dzanja kufuna kena. Anamaliza theka lonse, anatola ndi tinyenyeswa timene tinagwera pansalu yanga.

Apongozi anatipeza pomwepo, atasenza mtolo wa fodya pamutu. Anaona makoko pansi, anaona pakamwa pa mwana, anaona pakamwa panga. Mtolo unagwa. Anakuwa kuti ndapha mdzukulu wawo, ndiponso ine woyembekezera ndadya dzira, mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Anthu anayamba kutuluka m'minda. Ine ndinangokumbatira mwana wanga kudikira kuti andithamangitse.

A Lameki, munthu amene sindinamumvepo akuyankha mayi ake, anaimirira. Anakweza dzanja lopsa lija kuti aliyense alione.

"Amayi, ine munandipatsapo dzira?"

Apongozi anati ayi, sanayerekeze n'komwe.

"Nanga ichi chinabwera bwanji? Ine munanditeteza, ndinagwabe. Uyu mukumuteteza, akufa. Musiyeni adye."

ANabanda anayang'ana dzanja la mwana wawo nthawi yaitali. Anatola fodya wawo mmodzimmodzi n'kulowa m'chigafa. Sanandilole ndi pakamwa, koma sanandiletsenso, ndipo katundu wanga sindinasenze.

Kuyambira pamenepo a Lameki ankabwera ndi kachitini kawo m'mawa uliwonse. Masiku oyamba ndinkayenera kuyamba ine kudya, ndipo tsiku lililonse inali nkhondo yomweyo ya pakhosi. Apongozi ankamuzonda mwanayo ngati mphaka pauna wa mbewa, akangodzidzimuka kutulo iwo afika kale. Sanagwe. Ndinabwerera naye kusikelo monga anandiuzira anesi aja, anatiwonjezera chiponde, ndipo kutupa kunaphwa osabweranso. Mtedza utakhwima ndinayamba kuthira nsinjiro m'phala, fodya atagulidwa amuna anga anabweretsa usipa uja, mochedwa ngati mvula ya chaka cha chilala. Zilonda zinauma, tsitsi lakuda linamera pansi pa lofiira lija, miyendo inalimba. Mwana amene ankangokhala ngati thumba anayamba kuthamangitsa anapiye mpaka kukwiyitsa make wa anapiyewo.

Mng'ono wake anabadwa nthawi yokolola itadutsa, mnyamata, tsitsi lili bii mpaka pamphumi. Azamba anachita kufunsa kuti ndinkadya chiyani. Apongozi anamuyang'ana m'mutu, anamusisita, n'kungoti watengera kwa agogo ake aamuna.

Musandimve molakwa, abale. Sindikunena kuti dzira ndi mankhwala a matenda onse, kapena kuti mwana wotupa mumuchize nokha ndi mazira kunyumba. Mwana akatupa mapazi, tsitsi likafiira, thamangani naye kuchipatala, musadikire bwalo la tsempho. Kwa ine, amene anachotsa mwana wanga pakamwa pa imfa ndi Mulungu kudzera mwa anesi aja. Koma chimene chinamuletsa kubwererako chinali m'khola mwathu momwemo nthawi yonseyi, tikuchipereka kwa alendo okhuta kale.

Alamu anga tinapita nawo kuchipatala nawonso. Akumwa mapiritsi, ndipo kugwa kunachepa kwambiri. Mbale yawo ndinaitsitsa padenga la khola ndi manja angawa, imatsukidwa pamodzi ndi zathu. Koma dzira ankalikanabe, ati anazolowera, mantha a amayi awo anawalowa m'magazi ngakhale ankadziwa kuti ndi opanda pake.

Tsiku lina Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinakhala pakhonde tonse. Tadala anali pamiyendo pa a Lameki, dzira lake lili m'manja. Ananyema kachidutswa n'kukafikitsa pamlomo pawo. Iwo anatseka pakamwa n'kutembenuza mutu. Mwanayo anaponya kachidutswako m'kamwa mwake, anatafuna akuwayang'ana m'maso, n'kunena kuti, "Mmm, tamvani kukoma!" Ananyemanso kena n'kuwapatsa. Bambo wamkulu wandevu zake anayang'ana kwa mayi ake ngati kamwana kopempha chilolezo. ANabanda anadzuka, analowa m'nyumba, ife n'kumati zaipanso. Anatuluka ndi mchere pachikhatho, anagwada pafupi ndi mwana wawo n'kuti, "Thira kaye aka, Lameki. Lopanda mchere silikoma."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lopanda ulemu lija. Ndikuthokoza chifukwa sananditumizire munthu amene ndinkamufuna, ananditumizira amene ndinkamufunikira. Inu amene muli ndi mwana wodwala pamiyendo lero, ndipo aliyense akukuuzani zake, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera. Thandizo likafika musaliyang'ane manja, lilandireni, ngakhale pakhosi pakane. Ine ndinameza, ndipo Tadala wanga chaka chino wayamba sukulu ya mkaka, amapita yekha akuthamanga. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.